Kamera Ija Musaiyanike

Bulawayo,
14 Epulo 1973.

Okondedwa Mayi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi miyendo ija ikupwetekabe? Kuno tili bwino, ine, mpongozi wanu Elube ndi kamdzukulu kanu Frazer, kamene tsopano kayamba kukwawa. Mtima wokha ndiwo sunakhale pansi. Telegalamu ya imfa ya bambo inandipeza atagona kale m'manda masiku asanu. Ndinalira ngati mwana, Mayi, ndipo zimandiwawabe kuti sindinaponyeko dothi.

Ntchito ku situdiyo ikuyenda. Bwana wagula kamera yatsopano ya manambala ambirimbiri. Asanajambule amayamba wayeza kuwala, kupotokola uku, kupotokola uku, mpaka mkwatibwi kumwetulira kumuthera. Ine ayi ndithu, mtima wanga uli pa kabokosi kanga kakuda kaja. Dzuwa kumsana, diso pagalasi, kudina batani limodzi, basi zatheka. Filimu yake imalowa zithunzi khumi ndi ziwiri zokha, ndiye munthu sudina mwachisawawa.

Nkhani yanga ili pa kabokosi komweko. Zelesi mlongo wanga, poti ukuwawerengera ndiwe, apa usathamange monga umachitira ndi mawu a kutchalitchi.

Mukukumbuka pa Khirisimasi paja? Bambo anakana kujambulidwa mpaka atavala jekete la Lamulungu, n'kukaima pakati pa fodya wawo, kuphazi kulibe nsapato. Anati masamba aphimba mapazi, adziwa ndani. Kenako anandilanda kamera kuti nawonso akujambuleni inu, inu n'kumabisa nkhope m'chitenje uku mukuseka. Atadina anandifunsa ngati ntchito imene ndinapitira kutali chonchi ndi yomweyi. Tsiku lonyamuka anaumirira kuti ndiwasiyire kamerayo, ati zithunzi zitatu zotsalazo adzajambule mabelo awo asanapite kumsika. Anaiika m'sutikesi yawo yachitsulo, filimu ili momwemo yosatsuka.

Tsono Mayi, ine ndimakudziwani. Mvula ikangoleka mumatulutsira zonse pamphasa, mabulangete, Baibulo, zitini, chilichonse chotseguka n'kuchitsegula kuti chuku chichoke. Chonde, chonde, kamerayo musaiyanike, ndipo kumbuyo kwake musatsegule ngakhale pang'ono pokha. Simudzaonamo munthu, mudzangoona kapepala kokulunga. Koma kuwala kukangolowamo zithunzi zonse zimafufutika, ndipo ngakhale bwana wanga ndi manambala akewo sangazibweze. Amalume a Jeremiya asaikhudze n'komwe. Paja wailesi ija anaitsegula kuti aone chimene chikulira, mpaka lero ili duu!

Kamerayo muikulunge bwino m'nsalu, muwapatsire a Grey a kwa Chisemphere, anzanga aja ali kumeneko patchuthi. Akubwerera kuno mu Juni. Filimuyo ndidzaitsuka ndekha ndi manja angawa, kenako ndidzakutumizirani chachikulu choti mupachike kukhoma.

Mwina mukuti mwanayu wachulutsa mawu pa kabokosi. Mayi, chitupa chawo chakale chokhala ndi chithunzi chinapsa limodzi ndi chigafa chija, mukudziwa. Kulibenso kwina kumene nkhope ya bambo yatsala. Frazer ndinamupatsa dzina lawo, koma sanamunyamuleko ngakhale tsiku limodzi, ndipo akadzakula adzandifunsa kuti agogo ankaoneka bwanji.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa azakhali a Malita, kwa alamu ndi ana onse. Elube akuti nsalu munamutumizira ija anailandira, zikomo. Jekete la bambo liyanikeni, nsapato zawo, chipewa, zonse. Koma iwo asiyeni mumdimamo mpaka Juni, ndidzawatulutsa ine.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Lucious.