Madzi a Aliness Atunge Ndi Thomson

Kawale,
Lilongwe.
Ogasiti 2024.

Okondedwa achemwali anga a Eveles,

Landirani moni ndi ulemu wonse woyenera inu, mkulu wa mbumba yathu. Kodi muli bwanji kumeneko ku Kaduya? Nanga mawondo aja akukulolani kufika kutchalitchi, kapena chisanu cha chaka chino chawaumitsanso? Ine kuno ndilipo, koma ndatopa, ndipo sindikuona chifukwa chokubisirani. Fumbi la mzinda uno landilowa m'chifuwa, mipopi imangokhala youma, ndipo kupanikizana m'minibasi popita kuchipatala si kwa munthu wa msinkhu wanga.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa ndimakudziwani. Mukalandira foni mumaikweza mawu pakhonde kuti mudzi wonse umvere nawo. Nkhani iyi si ya pakhonde. Muiwerenge nokha, musapatse mdzukulu kuti akuwerengereni.

Ndiyambe ndi za mng'ono wathu Margret, amene ndinabwera naye kuno m'mwezi wa Juni. Opaleshoni inachitika ndipo inayenda bwino. Anatuluka m'chipatala, ali kwanga kuno, akudya, ndipo akuyenda pang'onopang'ono pabwalo. Ndamva kuti kumudziko mukuuza anthu kuti akudwala msana, ndiponso kuti ena akunong'ona zoti wina anamutchera mankhwala m'malire a munda. Zonsezo si zoona. Chiberekero chake chinatsika mpaka kuyamba kuonekera kunja, ndipo mkodzo unkamutuluka wokha akatsokomola, akaseka kapena akanyamula kanthu. Zinayamba atabereka mwana wachitatu. N'chifukwa chake anasiya kuimba kwaya. N'chifukwa chake pamaliro ankakhala payekha kumapeto kwa mkeka, atakulunga zitenje zambirimbiri ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Inu munkati wayamba kunyada.

Madokotala ndi anamwino ndinawafunsa mafunso mpaka anatopa nane, pakuti sindivomera chinthu chimene sindinachimvetse. Anandifotokozera kuti pansi pa chiuno cha mkazi pali minofu yoyalidwa ngati nsalu yolimba, imene imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo. Mimba imailemetsa minofuyo, kubereka kumaikoka, ndipo ikapanda kupatsidwa mpata wobwerera mwakale imafooka. Zimene zimaifooketsa kwambiri ndi izi: kuchedwa pakhomo matenda a kubereka atayamba, kukankha mwana nthawi isanakwane, kubereka motsatizana, kudzimbidwa n'kumadzikakamiza kuchimbudzi, ndiponso kusenza zolemera thupi lisanachire. Sananene kuti chinamupweteka Margret n'chimodzi chokha. Anati zinthuzi zimaunjikana chaka ndi chaka.

Tsono achemwali, inu mukudziwa chimene timadzitama nacho m'banja mwathu. Timati mkazi wa kwathu akatuluka m'chikuta lero, mawa ali pamjigo ndi ndowa pamutu. Margret anatiposa tonse pa zimenezo, ndipo amene ankayambitsa nthungululu akamabwera ndi madziwo munali inuyo. Sindikulemba izi kuti ndikuimbeni mlandu. Ndikulemba chifukwa mwana wake Aliness ali ndi mimba yoyamba, akuyembekezeka kuchira mu Novembala, nthawi imene ntchito ya kumunda imakhala pakhosi pa aliyense.

Poyamba Margret anakanitsitsa kuti mwana wake adziwe za matendawa. Anati bola kufa kusiyana n'kuti Aliness amuyang'ane ndi maso a chisoni. Ndinamusiya, pakuti thupi ndi lake. Koma sabata yatha Aliness anaimba foni akusangalala, kunena kuti wasenza yekha matumba a nandolo kuchokera kumunda, ndipo amayi a m'mudzi amutamanda kuti watengera mayi ake. Margret anamuyankha bwinobwino, anatseka foni, ndipo chakudya cha masana sanachikhudze. Kenaka anandiuza kuti nditenge cholembera, ndipo ndisabise dzina lake. Anawonjezera moseka kuti madokotala ndi ophunzira awo aona kale zonse, ndiye chatsala n'chiyani chobisira a Eveles. Anaseka, ndipo ulendo uno sanathamangire kuseri.

Ndamva kuti mwezi wa mawa mwakonza zolangiza Aliness, inu pamodzi ndi alangizi a mpingo. Zimene zimanenedwa m'nyumba imeneyo ndikuzidziwa: asalire pobereka, alimbe mtima, asachititse manyazi mtundu. Sindikutsutsa mwambo, ine ndemwe ndinadutsa momwemo. Koma mukamaliza zanuzo, mumuuze za mayi ake monga ndalembera pamwambapa, osachepetsa kapena kukometsa. Mwana sangaope matenda amene sanamvepo dzina lake.

Mumuuze ayambe tsopano lino kulimbitsa minofuyo. Aifinyire mkati ndi m'mwamba ngati munthu amene akuletsa mphweya pakati pa anthu, aigwire choncho kanthawi akupuma mwa nthawi zonse, kenaka aimasule. Abwereze kangapo, m'mawa, masana ndi madzulo, ali chikhalire akusankha nandolo kapena atagona. Palibe amene angaone kuti akuchita kanthu. Asachite zimenezi pamene akukodza. Amwe madzi okwanira, adye masamba ndi mapapaya kuti asadzimbidwe. Kusikelo asajombe, ndipo afunse anamwino amuonetse bwino, pakuti iwo ndiwo eni ntchito, ine ndangotumikira mawu awo. Masiku akayandikira apite kuchidikiro ku Boma msanga. Mankhwala a zitsamba ofulumizitsa kubereka musamupatse, ndipo asakankhe mpaka mzamba atamuuza. Akadzachira, akaona mkodzo ukudontha kapena akamva cholemera kumusi, akanene kuchipatala nthawi yomweyo. Si ufiti, si chilango, ndipo chithandizo chilipo. Margret akanapita kale, mwina sakanafika pa mpeni.

Zonsezi ndi zophweka kunena m'nyumba yotseka. Pempho langa lenileni ndi limodzi, ndipo ndi la panja, pamaso pa anthu. Malangizo ali chabe ngati m'nyumba mulibe madzi. Matewera adzafuna kuchapa, mwana kusamba, ndipo Aliness akadzaona mtsuko uli wouma adzadzuka yekha n'kutenga ndowa, kaya mwamulangiza kaya ayi. Inu mawondo akukanikani. Margret madokotala amuletsa kunyamula ngakhale mphika waukulu kwa miyezi ingapo, ndipo ine sindingamusiye yekha m'tauni muno. Watsala ndi mwamuna wa Aliness, mkamwini wathu Thomson. Ali ndi njinga ya kabaza, ndipo njinga imene imanyamula munthu wamkulu mpaka ku Boma singalephere zigubu ziwiri.

Mnyamatayo si waulesi. Aliness wandiuza kuti mimba itangoyamba kumuvuta, Thomson anapita yekha kumjigo ndi zigubu. Amayi anamulandira ndi phwete. Wina anamufunsa kuti amudyetsa chiyani, wina anati mawa abwere atamanga chitenje ndi duku kuti aime bwino pamzere. Ndauzidwa kuti amene anafunsa ngati adzayamwitsanso mwanayo, mjigo wonse n'kugwa ndi kuseka, ndi inu achemwali anga. Thomson anatunga madziwo n'kuchoka mwaulemu, popeza ndinu apongozi ake, koma kuyambira tsiku limenelo sanapondekonso.

Lilime lanu ndi limene linamuthamangitsa, ndipo m'mudzi monsemo palibe lilime lina limene lingamubwezeko. Choncho ndikupempha kuti mupite naye inuyo. Musadikire kuti mwana abadwe. Mumuitane, mumuuze chifukwa chake mwachidule monga amayankhulira mpongozi ndi mkamwini, ndipo m'mawa wina, nthawi imene pamjigo pamadzaza, mutsagane naye. Simudzanyamula kanthu. Mungoima pambali pake, mumusungire malo pamzere, ndipo wina akatsegula pakamwa mumuyang'ane mmene mumayang'anira ana olongolola m'tchalitchi. Mukatero kawiri kapena katatu, amayi adzapeza nkhani ina yoseka. Ndikudziwa kuti kubweza mawu pagulu n'kowawa kwa inu, pakuti tinabadwa kwa mayi mmodzi ndipo kwa inenso n'chimodzimodzi. Koma manyazi anu adzatha dzuwa lisanafike paliwombo, pamene manyazi a Margret amutengera theka la moyo wake.

Ngati mwaona kuti simungathe, mundiyankhe mosazungulira, kuti ndidziwe msanga chochita. Musandilonjeze zimene simudzachita.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Goodman, muwauze kuti mankhwala awo a maso ndidzawatumiza akapezeka munthu wodalirika wobwera kumeneko. Moni kwa amalume ku Chiwalo, kwa azakhali ndi kwa adzukulu onse. Moni kwa Thomson, ndi ulemu. Margret akupereka moni kwa nonse. Akuti mukadzatha kumulangiza Aliness, mumubwereke foni yanu, mutuluke m'nyumbamo, ndipo mutseke chitseko. Chilichonse chimene mwanayo adzafunse, mayi ake adzayankha.

Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mphamvu.

Ndine mng'ono wanu,
Rozaria Sitima.