Akuseri Si Dzina

Erdington, Birmingham
14 Novembala

Okondedwa achimwene a Dyson,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Mwansambo. Mwendo uja uli bwanji? Mankhwala mukumwa, kapena mukungowayang'ana pawindo monga mwa chizolowezi chanu? Ife kuno thupi lili bwino, kupatula kuzizira komwe kwayamba kale kutilowa m'mafupa. Koma mtima wanga suli m'malo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndimakudziwani. Nkhani ikafika powawa mumayamba "halo, halo, netiweki", basi mwadula. Pepala simungalidule. Ndapatsira Jenifer, amene akunyamuka Lachisanu kudzaona mayi ake, a Esinati, poti mwatiuza nokha kuti achipatala awabweza kunyumba ndipo sakudyanso.

Nkhani inayambira kusukulu kwa Nicole, mwana wanga wachisamba uja. Chaka chino akuphunzira mbiri ya dziko la Amereka, zaka zimene linali lisanagwe m'nkhondo ya pachiweniweni ya 1861. Mwanayu akagwira chinthu sasiya, anatengera inu. Miyezi iwiri takhala tikudyera nkhani imeneyi ngati ndiwo.

Akuti a kumwera ankanena kuti popanda akapolo minda yawo ya thonje ifa, pomwe ena a kumpoto ankati munthu si katundu. Dera latsopano likamalowa m'dzikomo, mkangano unkabuka: kukhale akapolo kapena ayi? Anafika popanga lamulo loti kapolo akathawira kumpoto agwidwe ndi kubwezedwa kwa mbuye wake. Ngakhale mipingo inang'ambika pakati, mbali zonse zitanyamula Baibulo lomwelo.

Amene ankamukwiyitsa kwambiri Nicole sanali ankhanza aja ayi, koma anthu abwinobwino amene ankati tisakangane, zidzatha zokha, bola mtendere. Akuti anakankhira nkhaniyo kutsogolo zaka ndi zaka, mpaka anthu oposa 600,000 anathera kunkhondo.

Ine ndinkavomereza ndi mtima wonse uku ndikusita yunifolomu ya kuntchito. Atandiuza kuti mfuti zina zogulira anthu ku Afirika zinkasulidwa konkuno ku Birmingham, ndinati waona mwanawe, ife ndife olakwiridwa. Ndinkayankhula ngati munthu wa m'manja moyera.

Kenaka aphunzitsi anawauza kuti aliyense ajambule mzere wa makolo ake. Loweruka masana Nicole anayala pepala lalikulu patebulo la kukhitchini, nayamba kundifunsa mayina. Ndinamupatsa mayi athu, agogo, inu ndi ana anu. Jenifer, amene timakhala naye m'nyumba muno, anali atangofika kuchokera ku Walsall kumene amasamalira okalamba, ndipo anali akumwa tiyi pakampando kake ka pafupi ndi chitseko.

Nicole anatembenuka, nafunsa m'Chichewa chake chopindika chija kuti dzina la anti Jenifer lija, Akuseri, limalembedwa ngati mawu amodzi kapena awiri.

Achimwene, mwanayu wakula akundimva pafoni ndikunena kuti a kuseri abwera kumaliro, a kuseri alima kudimba, Jenifer wa kuseri wapeza viza. Iye ankayesa ndi dzina la mtundu, ngati Banda kapena Phiri.

Ndinaseka chiseko chouma, n'kumuuza kuti asiye zimenezo, pepala ladzadza kale. Koma Jenifer anaika kapu pansi nayankha yekha, akusakaniza Chichewa ndi Chingerezi kuti mwanayo amve bwino.

Anamuuza za a Kalinde, malume a agogo athu. Anati a Kalinde anapereka nsalu ndi minyanga kwa amalonda amene ankadutsa ndi anthu omangidwa m'khosi, iwo n'kutsala ndi kamtsikana kamodzi. Kwawo kwa mtsikanayo palibe akudziwa, ngakhale dzina limene anabadwa nalo. Anamumangira kanyumba kuseri kwa nyumba yaikulu, ndipo anawaberekera ana anayi. Popeza analibe mlongo, ana akewo analibe malume owayankhulira. Anatsala kuseri komweko, iwo, ana awo, mpaka a Esinati, mpaka Jenifer.

Anamuuzanso za kumanda kwathu: kuti ife timagona kumtunda, iwo kutsidya kwa kanjira, kumene madzi amaima dzinja lonse. Zonsezi ankazinena mofatsa ngati akulongosola njira ya kumsika. Akanakalipa bwenzi nditapeza poyambira.

Nicole anandiyang'ana. "Mum, did you know?" Anangofunsa zokhazo.

Ndinati ndi zakalekale, ndi mwambo chabe, palibe amene amamuzunza Jenifer, ndipo kuutsa zimenezi n'kungoyambanitsa abale. Iye anatsegula buku lake, nandiuza kuti mawu amene ndangonenawo akhoza kundionetsa tsamba lake.

Sanalekere pomwepo. Anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani zaka ziwiri zonsezi Jenifer amadyera pakampando ife tili patebulo, mpando wina uli wopanda munthu. Anafunsa chifukwa chake amagwada pondipatsa madzi, pomwe tonse timachokera ku mashifiti ofanana, kusambitsa agogo a eni ake. Anafunsa chifukwa chake ine ndimamuti iwe, iye n'kumanditi amayi, chonsecho wamkulu ndi iyeyo. Anandikumbutsa kuti kutchalitchi ndinamuonetsa kwa anthu kuti ndi mtsikana wa kwathu, osati m'bale wanga.

Ndinafuna kunena kuti sindinamuuzepo kuti azikhala pamenepo. N'zoona, sindinamuuze. Sindinamuuzenso kuti achokepo.

Tsopano ndikuuzeni chimene Nicole sakudziwa, ndipo inunso mwina simunachione poti munali kwa amuna. Mayi athu atadwala miyezi isanu ndi umodzi ija, ine ndinali kuno, inu ku Lilongwe. Amene ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala anali a Esinati. Koma tsiku loika maliro, ine nditafika ndi nsalu yanga yatsopano, ndinawapeza atakhala kumutu kwa bokosi. Ndinawanong'oneza kuti atuluke akathandize kophika, chifukwa abale enieni afika.

Anadzuka, nagwira bokosilo pang'ono ndi dzanja, n'kutuluka. Ndinakhala pamalo pawo pakali potentha. Zaka zisanu ndi zitatu zapita, ndipo ndinali ndisanaganizepo kuti ndinalakwa. Lero manyazi akundidya, achimwene. Ndikuchita mantha ndi munthu amene ndinali tsiku limenelo, chifukwa ndinkadziona wabwino.

Nyumba yanga yagawikana. Masabata atatu tsopano Nicole sakhala patebulo. Amatenga mbale yake n'kukhala pansi pafupi ndi kampando kaja, ngakhale Jenifer atapita kuntchito. Akandiyankha ndi mawu amodzi, ngati ndine kondakitala wa basi. Wanenetsa kuti ku Malawi sadzapondako mpaka kanjira kaja katafufutika. Bambo ake akuti tingozisiya, mwana akula aiwala. Nditamva zimenezo ndinazindikira mawuwo, ndipo ndinawauza kuti akhale chete.

Jenifer naye wapeza chipinda ku Walsall, akuti akabwerako asamuka. Akuti n'chifukwa cha mabasi a m'mawa. Tonse tikudziwa kuti si mabasi.

Lamulungu lapitali ndinalowa kuchipinda kwake akulongedza, ndipo ndinagwada. Anachita kundikoka mkono, akuti dzukani amayi, mukundichititsa manyazi. Ndinamupempha kuti asiye kunditi amayi, azinditi Ann. Anayesa kamodzi, dzinalo linamukanika pakamwa, tonse tinaseka misozi ikutsika.

Ndinamufunsa kuti ndichite chiyani. Anati iye safuna kanthu, anazolowera. Koma anati mayi ake, chiyambireni kudwala, akungonena chinthu chimodzi. Imfa sakuiopa ayi. Akuopa madzi aja. Anaona mmene manda a mchemwali wawo anatitimirira chaka cha mvula yambiri, ndipo amafunsa ngati nawonso akagone m'matope.

Ndiye pempho langa ndi ili. Inu ndinu mwinimbumba tsopano, mawu anu ndi amene adzukulu okumba manda amamvera. Tsiku la a Esinati likafika, muwaike kumtunda, pambali pa mayi athu. Malo alipo, munandisungira ine. Ndawapereka.

Ndipo musadikire kuti atseke maso. Pitani nokha, mukakhale pamphasa pawo, mukawauze ali moyo kuti amve ndi makutu awo. Mukawauzenso kuti Ann akupepesa za tsiku lija la bokosi. Adzakumbukira, anthu otere saiwala.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Mudzati azakhali a ku Dwangwa sadzalola, kuti ena adzanyanyala maliro, kuti za ku Ulaya zandilowa m'mutu. Mudzati mbumba igawikana. Achimwene, inagawikana kale ife tisanabadwe, kungoti mbali imodzi inkakhala chete. Timakonda kunena kuti chibale ndi fupa sichiola. Nanga magazi a a Kalinde ali mwa ife tokha?

Sindikukuuzani kuti zikhala zophweka. Mutukwanidwa, ndipo ine ndili kutali, sindidzamva nawo. Mukafuna, muziti ndi ine ndakukakamizani, mutu wanga ndi wouma kale. Koma mukakana, dziwani lero kuti tsiku langa likadzakwana, bokosi langa likadzatsika ndege, mudzandipititse kutsidya kwa kanjira. Ndamuuza kale Nicole ndipo ndalemba. Aka kanali koyamba m'masabata atatu kuti andigwire dzanja.

Jenifer sakudziwa zimene zili m'kalatayi. Akakupatsani, mumupatse mpando, ndipo muwerenge iye ali pomwepo.

Mulungu akupatseni mtima wolimba ndi mwendo wolimba. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Ibrahim ndi akazi ake, ndi kwa azakhali ngakhale andikwiyire. Moni wanga afikenso kwa a Esinati ndi abale awo: a Lufina, a Yohane, Tuntufye ndi mng'ono wake Amara, ndi kamwana ka Amara kotchedwa Kondi. Musangoti moni kwa onse, muwatchule mmodzimmodzi. Ine ndakula nawo bwalo limodzi, koma mayina atatu mwa amenewa ndachita kufunsa dzulo.

Ndine mlongo wanu,

Ann