Khanda la Makilo Fifitini

Lolemba, 3 Malichi

...ndiye n'kundipatsa mpini wa tsache m'manja. Ine! Kireni weniweni, chimakina chokweza katundu, munthu woti ndinkatsitsa matumba awiriawiri a simenti mu lole uku ndikuimba mluzu. Miyezi inayi chigonere ndi msana, lero ndabwerera ku jimu, a Kochi akuti, "Wochokera pabedi amayamba ndi tsache. Lamulo la pano." Kunyonyomala, kudzuka, kakhumi, tsache paphewa. Anthu m'manja phuphuphu. Mayi Telala mpaka nthungululu. Chipongwe chotere sindinachionepo.

Kusitolo komwe ndimagwira ntchito abwana anena. Pa 30 Epulo ndikanyamule thumba la simenti kuchoka pa lole mpaka mosungira katundu. Ndikalephera, malo anga apatsa wina.

Lachinayi, 13 Malichi

Akuti andikweza kalasi. Tsache ndasiya, tsopano ndi Khanda. Chithumba chonenepa, chazigamba, makilo fifitini basi. Kulikumbatira, kuyenda nalo khoma ili mpaka khoma ilo. Fifitini! Nsapato yanga imodzi imaposa pamenepo.

Pambali panga a Kalipentala, imvi mbuu, akukweza zitsulo zenizeni. Akuti, "Pang'onopang'ono, Kireni, ungamudzutse mwanayo." Ndawauza kuti ndikachira ndidzawanyamula iwowo, zitsulo zawozo ndi benchi yomwe.

Lachiwiri, 1 Epulo

Khanda silikupepuka. Masabata atatu, thumba lomwelomwelo, thukuta lomwelomwelo. Kunyumba ndawauza mayi a ana kuti ndi pilo chabe. Koma ndagona ndisanadye n'komwe.

Ndinangogwira chitsulo, kuchisisita chabe ngati moni. A Kochi kukuwa ngati ndaba. Ine wamkulu ndi ndevu zanga!

Lachisanu, 11 Epulo

Sindinapite. Mlamu anabwera ndi nkhani zake zija zopanda mabuleki, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mlendo ungamuthamangitse?

Uthenga pafoni, Mayi Telala: "Khanda likulira, bambo ake ali kuti?" Anthu opanda zochita.

Lachitatu, 16 Epulo

Masiku asanu osapondako. Lero m'mawa a Kalipentala pakhomo, njinga m'manja. "Ukwera wekha kapena ndikubereke?" Pamaso pa ana anga! Ndakwera pakaliyala, anthu mumsewu maso onse pa ine. Khandalo ndayenda nalo kanayi. Lolemera ngati lameza njerwa. Ngati fifitini ikundichita chonchi, fifite ya simenti idzandipha. Masabata awiri atsala.

Lachiwiri, 29 Epulo

Akuba! Mbava zokhazokha mu jimu muja!

Ndayenda nalo kasanu ndi kamodzi, ndaliponya pansi, ndanena kuti mawa sindipita kukadzichititsa manyazi. A Kochi angotulutsa sikelo, "Taliika apa." Makilo fifite thuu.

Ndati sikelo yafa. Akwerapo okha, ili bwinobwino. Kenako onse kuseka mpaka kugwirana. Kani chithumbacho poyamba munadzaza utuchi wa a Kalipentala, mchenga pang'ono. Tsiku lililonse ine ndikachoka, Mayi Telala ankasomola ulusi, kutapa utuchi, wina n'kuthiramo makapu a mchenga, n'kusokanso. Akuti amatero ndi aliyense wovulala, ndipo amene zamuchitikira saulula. A Kalipentala nawo anawachita chimodzimodzi, nthawi ya bondo lawo.

Mwezi ndi theka ndikudziona ngati nkhuku yonyowa, kani ndafika ponyamula simenti yathunthu! Ndawatukwana onse, mmodzimmodzi. M'maso munalowa utuchi, n'chifukwa chake ndinatulukako panja pang'ono.

Lachitatu, 30 Epulo

Ndanyamula. Lole mpaka mosungira katundu, kubwerera, kutenganso lina abwana asananene. Msana zii. Abwana kukamwa yasa, ntchentche zikanamangamo nyumba. Ntchito ndi yanga.

Madzulo ku jimu ndapeza dalaivala wina wa minibasi, phewa linaguluka, tsache lili m'manja, nkhope ngati wamwa mankhwala owawa. A Kochi anditsinzinira diso, n'kundisonyeza kapu ili kuseri kwa chitseko. Ndaomba m'manja kuposa onse.

Za pa 11 zija. Mlamu sanabwere, ali kwawo chaka chonse chino. Ndinafika pakhomo pa jimu, ndinaliona Khanda lili pakona, mantha anandigwira, ndinabwerera. Mayi Telala anandiona pawindo. Mpaka lero sanauze munthu.