Mkombero Wachitatu Sindifufuta

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kukuvutani. Ine kuno ndili bwino ndithu.

Munafunsa za sukulu. Paja ndimafufuza masamu a kadontho koyenda papepala. Ukasintha nambala imodzi ya m'masamuwo pang'ono pokha, pamabadwa mikombero imene kadonthoko kamangozungulirapo osachokapo. Buku la apulofesa anga limati mikomberoyo singapose iwiri. Ine ndapeza itatu.

Lachiwiri apulofesawo anandiitanira mu ofesi mwawo, natseka chitseko. "Mwana iwe, kompyuta yakunamiza. Fufuta mkombero wachitatuwo kuti ndisayine mapepala ako."

Ndinayankha kuti, "Bambo, ndawerengera ndi pensulo kanayi konse. Ndilozereni pamene ndalakwitsa, ndifufuta pompano."

Anatembenuza mapepala anga nthawi yaitali, koma chala sichinatere paliponse. Anangoti popanda siginecha yawo, za digiri ndiiwale.

Malume, sindifufuta. Dzulo ndinatumiza mapepalawo kwa akatswiri ena kuti aweruze okha.

Amayi musawauze kaye, poti anasoketsa kale diresi la tsiku lolandira digiri. Koma kachipinda kakuseri kwanu kaja musayikemo munthu, mwina ndibwera kudzakhalamo.

Ndine mwana wa mlongo wanu, wamakani uja.