Amayi Ali Pantchito, Musawatenge

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, takwawa mpaka chaka chatha.

Uthenga wanu ndinaulandira, woti chaka chikangolowa mubwera kudzawatenga Amayi kuti azikakhala kwanu. Zikomo, koma tamvani kaye.

Mukudziwa kuti mliriwu utatilanda Bambo unandigwiranso ine. Ndinachira, koma mphuno ndi lilime sizinabwerere. Tangoganizani, munthu wophika pa lesitilanti osamva fungo, osamva mchere! Tsiku lina anyezi anapserera ine ndili chilili pomwepo ndikudula nyama, mpaka woperekera zakudya analowa akutsokomola. Tsiku linanso ndinathira mchere kawiri m'nyemba. Abwana anandiitanira kuseri n'kundiuza kuti akundimvera chisoni, koma makasitomala sadya chisoni.

Nthawi imeneyo n'kuti Amayi atasiya kulankhula. Ankangokhala duu pampando wa Bambo, chakudya n'kumazizira pambali. Sindikubisirani achimwene, ndinkaopa kuti tiika maliro achiwiri.

Ndiye tsiku lina ndikuyeserera msuzi kunyumba, ndinawapatsa supuni kuti andilawire, poti panalibenso wina. Analawa, anakwinya nkhope, n'kunena kuti ngakhale galu angaukane. Anafunsanso ngati anandilera ndi iwo kapena ndinakulira kutchire. Ine misozi mbwee, kukondwera ndi kunyozedwa!

M'mawa mwake ndinapita nawo kuntchito. Abwana anayamba akana, ati khitchini si malo a munthu wamkulu masiku a matenda ano. Koma analola Amayi nditawaikira mpando panja pa khomo la kuseri, podutsa mphepo, kutali ndi anthu. Ndimawapititsira supuni, amatsitsa masiki, amalawa, n'kugamula mlandu. Ati onjezera tomato, ati wapsereza adyo, ati dzanja langa n'lolemera ngati lanu. M'kulawalawamo ayambanso kudya, ndipo masaya abwerera.

Choncho ndikukupemphani, musabwere kudzawatenga. Ndikudziwa kuti kwanu kuli chipinda chabwino ndi chipatala pafupi, ndipo sindikana kuti nanenso ndikuteteza ntchito yanga. Koma kumeneko azikadzukira chiyani m'mawa? Alamu amaphika bwino, Amayi akasowa womukalipira, akabwerera pampando.

Ndinawauza maganizo anuwo. Ati ndikuuzeni kuti iwo ali pantchito ndipo tchuthi sanapemphe. Ati mukawasowa mudzabwere matendawa akachepa, mudzakhale patebulo ngati kasitomala wina aliyense.

Chaka chikubwerachi fungo libwerere kapena lisabwerere, ine m'khitchini sindichokamo, ndipo Amayi sindiwapereka. Kwiyani ngati mukufuna, tidzagwirizana mukadzawaona ndi maso anu.

Mulungu akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti agogo awo akuwafunsa.

Ndine mlongo wanu wamakani uja.