Apongozi Akuti Sanagwepo

Lachitatu. Kwazizira tsiku lonse, mtimanso sunakhale m'malo.

Apongozi anga aamuna agwa m'mawa pakhomo la bafa, bondo latupa. Ndinawaperekeza kuchipatala cha ku Thambani pa kabaza. Anamwino anafunsa kuti, "Agogo, munagwapo kale?"

"Ine? Ayi, mwana wanga. Ndangoterereka lero."

Ndinangoyang'ana pansi. Mwezi uno wokha ndawadzutsa kawiri kuseri kwa khola atachita chizungulire, ndipo anandichonderera kuti ndisauze mwana wawo. Nanga mtengwa angatsutse bwanji apongozi ake pamaso pa anthu?

Anamwino anangowapatsa mankhwala a ululu. Za chizungulirezo sanayeze, poti palibe anazitchula.

Panopa ndikumva ndodo yawo ikugogoda, akupitanso kubafa okha. Ndikawatsatira, akwiya. Ndikapanda kuwatsatira…