Mwasiya Ana Atatu

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Mtiya tilipo ndithu. Mng'ono wanga Esinati wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, ndipo liuma lake ndi lanu lomwe. Chimanga chinachita bwino, kungoti anyani a kuphiri anatithyolera mizere ya kumtunda. Denga la khitchini likudonthabe.

Achimwene a Lameki akadali kundende, m'chipinda cha oyembekezera kunyongedwa. Boma siliwanyonga, komanso siliwauza kuti sadzanyongedwa. Angokhala, mpaka imvi zayamba. Loweruka ndinawapititsira mbatata ndi mapeyala monga munkachitira inu. Akuti chitseko chikatsegulidwa pa nthawi yachilendo, mpaka lero amayesa kuti abwera kudzawatenga.

Pa wailesi nkhani ndi yomweyo, chilango cha imfa chithe kapena chikhale. Akuluakulu amakangana, kenaka n'kuseka, n'kuthokozana. M'minibasi ya ku Chinamwali bambo wina ankati onsewo angowapachika tsiku limodzi, akutha ufa wa boma. Ankanena uku akukukuta chimanga chootcha. Zinandinyansa, ndinatsika ndisanafike. Mayi a mnyamata amene achimwene anamubaya pa ndewu ya mowa ku Songani, amenewo akafuna chingwe sindingawatsutse, ndipo ndikakumana nawo pamsika ndimasowa poyang'ana. Koma wa chimanga uja anataya ndani?

Chonyansa kwambiri chachitika pakhomo pathu pomwe. Mukukumbukira kuti chigamulo chitangoperekedwa, amalume a Chikopa anasudzula alamu, akazi a achimwene, ngati wamasiye, n'kugawa zovala za achimwene? Inu munalanda jekete ija m'manja mwa msuweni n'kunena kuti, "Wanga akupumabe, ndamuona dzulo." Tsono pa maliro anu, powerenga mbiri, amalumewo anati mwasiya ana awiri. Ndinakhala chete polemekeza inu. Mwezi watha tavundukula chiliza chanu, ndipo ndapeza alembetsa zomwezo pamwala. Nditawafunsa anandiyankha, osachita n'komwe manyazi, kuti wa chingwe sawerengedwa. Boma likuzengereza kuwapha, koma ife abale tawapha kale, katatu konse.

Achimwene akufuna chithunzi cha chilizacho, poti sanakuikeni. Ndinawauza kuti wojambula sanatsuke. Anandifunsa kuti, "Mwalawo ndi wokongola?" Ndinavomera.

Ndalankhula ndi wosema miyala. Akuti akafufuta mawuwo pakhala chipsera chooneka. Ndamuuza kuti chikhale, aliyense wofunsa ndidzamuuza amene anachititsa. Amalume akwiye mmene angathere, kumanda kuja sikwawo okha.

Jekete ija ili m'sutikesi yanu, ndimaiyanika dzuwa likawala. Ndikukulonjezani, Amayi, kuti chithunzicho achimwene achilandira, koma mwalawo utayamba wanena kuti atatu.

Ndimakukondani monga kale.

Ine mwana wanu wachiwiri mwa atatu,
Mervis